Mau a Mphunzitsi: Kodi Galimoto Tikaikonzetse Kuti?



Tsiku la Mulungu lapitalo, titaturuka m'chalichi, anadza kwa ine bambo wina wokalamba pamodzi ndi mkamwini wace, nati, "Aphunzitsi, tiweruzeni." Mkamwiniyo anagwira nchito ku Joni zaka zisanu, ndipo pobwera anagula galimoto ya mtundu wa Toyota Sienta, imene alikunyamulira anthu pakati pa boma la Thyolo ndi Limbe. Tsono iye afuna kupita nayo ku Blantyre, ku garaja la kampani yogulitsa galimoto za mtunduwo, kuti akaicitire sevisi. Koma apongozi ace alikukana, nati, "Galimoto irikuyenda bwino, kodi munthu wosadwala apita kucipatala? Ndalamazo tigulire feteleza." Mlandu wotere ndaumva m'mabanja enanso, a galimoto ndi a njinga zamoto za kabaza omwe, cifukwa cace ndiyankha pano kuti onse amve.

Tiyambe ndi mau a apongozi. M'kati mwa injini muli zitsulo zimene zipekesana kosaleka, ndipo cimene cizicinjiriza kuti zingadyane ndico oilo. Pakupita masiku oilo ada ndi mwaye ndi pfumbi, natha mphamvu yace. Sefa ya oilo ndi sefa ya mpweya nazonso zitsekeka. Zonsezi zicitika mwakacetecete, galimoto iri ciyendere, kufikira tsiku limene injini igwira pakati pa njira, ndipo mtengo woikonza uposa wa masevisi ambirimbiri. Opanga galimoto alemba m'mabuku ao kuti pa miseu ya pfumbi ndi ya zitunda, ngati yathu ino, oilo asinthidwe msanga, ndipo ambiri aika malire pa makilomita 5,000. Tawerengani nokha. Kucokera ku Thyolo kufika ku Limbe ndi makilomita oposa 30. Wopita ndi kubwera katatu pa tsiku ayenda ngati makilomita 200. Motero pa masiku 25 a nchito malirewo akwana.

Inu amene mugwira nchito m'minda ya tiyi ku Satemwa, ku Nchima ndi kwa Conforzi mudziwa kuti m'nyengo ya cilimwe adulira mitengo ya tiyi ingakhale iri yamoyo, nataya masamba a masabata angapo kuti mtengo ubale zaka zambiri. Sayembekeza kuti uyambe wauma ai. Momwemo sevisi iri ndi nyengo yace, ndipo pamenepa apongozi analakwa. Walira mvula walira matope: wogula galimoto wagulanso msonkho wace wa mwezi ndi mwezi.

Koma mkamwini nayenso sanalase ponse. Garaja la kampani liri ndi ubwino wace woona: amakaniko ophunzitsidwa za mtundu womwewo, zitsulo zenizeni, kompyuta yofufuzira matenda obisika, ndi buku lolembamo zonse zimene acita. Ndipo munthu akagula galimoto yatsopano, kampani imlonjeza kuti ikaonongeka m'zaka zoyamba idzaikonza mwaulere, pokhapo ngati abwera nayo ku sevisi pa nyengo yace. Wotereyo asaphonye konse, pakuti akaphonya wataya lonjezo. Koma galimoto zambiri za kwathu kuno zinayenda kale ku Japan, nizidzera pa doko la Dar es Salaam ndi pa cipata ca Songwe, ndipo lonjezo lotere ziribe. Tsono zitsulo ndi oilo zigulidwa kunja. Pamene kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti m'mwezi wa November 2023, mitengo yace inakwera pomwepo. Onjezanipo malipiro a kampani, petulo wa ulendo, ndi tsiku lathunthu losanyamula munthu.

Cifukwa cace uphungu wanga ndi uwu. Nchito zapafupi, monga kusintha oilo, masefa, mapulagi ndi zitsulo za mabuleki, makaniko wokhulupirika wa pa boma kapena pa Bvumbwe akhoza kuzicita bwino pa mtengo wocepa. Koma matenda a giyabokosi, ndi nyale yocenjeza ikayaka patsogolo pa woyendetsa, pitani nazo kwa eni kompyuta. Ma Sienta ambiri ali ndi giyabokosi ya mtundu wochedwa CVT, imene ifuna oilo wacewace. Mukathiramo wina, muononga cinthu ca mtengo wapatali koposa. Safunsa anadya phula.

Ndipo popita kwa makaniko wa kwanu sungani zinai izi. Coyamba, gulani nokha oilo wa m'cigubu cosatsegula, ku sitolo yodziwika, si wa m'mabotolo a m'mbali mwa mseu ai. Caciwiri, khalani pomwepo pamene alikugwira nchito, ndipo citsulo cakale akupatseni m'manja. Cacitatu, lembani m'kope tsiku, makilomita, ndi cimene casinthidwa. Cacinai, patulani kandalama tsiku liri lonse musanadye phindu, kuti nyengo ya sevisi ingakupezeni manja ali m'khosi.

Cinthu cimodzi cokha sindilola kuti ciyesedwe ndi ndalama, ndico mabuleki ndi matayala. Dziko lathu nlamapiri, ndipo mvula ikagwa miseu iterera. Mai amene akwera galimoto yako, mwana ali kumbuyo, waika moyo wa anthu awiri m'manja mwako, ndipo iye sadziwa kuti mabuleki anayamba kulira sabata latha. Iwe udziwa. Pepala la boma lonena kuti galimoto iri bwino siliimitsa galimoto pa mtsetse. Woyenda dala ndi mabuleki akutha alikusewera ndi lamulo lacisanu la Mulungu, ngakhale ngozi isanacitike. Inunso amakaniko Acikristu, kubwezera citsulo cakale ndi kulandira mtengo wa catsopano ndiko kuba, ndipo lamulo lacisanu ndi ciwiri likutsutsani. Ca mwini cibwezedwe musanadze ku kulapa.

Anthu awiri aja ndinawauza comweci. Lolemba m'mawa anagula oilo ndi masefa, nakonzetsa galimoto pa boma, apongozi ali ciimire pambali. Ndalama yotsala anaiika padera ya feteleza, ndipo anapangana kuti giyabokosi akaionetsa ku Blantyre akakolola. Kope lolembamo makilomita alikusunga mai a m'nyumbamo, pakuti iwo ndiwo saiwala.

Kristofa woyera, nkhoswe ya apaulendo, atipempherere ife tonse oyenda pa miseu. Tsalani ndi mtendere wa Ambuye kufikira mwezi wa mawa.

Ndine mphunzitsi wanu.