Bwalo la Kamuzu: kapeti watsopano, konkiriti wotopa

Tsiku limene Bullets ikukumana ndi Wanderers, anthu a ku Ndirande amangotsetsereka wapansi kupita ku Chichiri, pomwe maminibasi a ku Bangwe, Machinjiri, Chilomoni ndi Zingwangwa amakhala akukhuthula anthu pachipata cha Bwalo la Kamuzu. Ogulitsa chimanga chootcha, mtedza ndi madzi ozizira amapha makwacha. N'chifukwa chake bwaloli likatsekedwa, olira sakhala ochemerera mpira okha. Ndipo latsekedwapo kangapo.

Bwaloli ndi la nthawi ya atsamunda. Poyamba linkatchedwa Rangeley, potengera dzina la William Rangeley, mmodzi mwa akuluakulu a boma la Nyasaland. Kenaka lidakhala Kamuzu, ndipo masitandi akuluakulu adatha kumangidwa mu 1968. Mu ulamuliro wa Bakili Muluzi lidasanduka Chichiri, mpaka Bingu wa Mutharika adabwezera dzina la Kamuzu mu 2004. Mayina ankasintha, konkiriti ali yemweyo, akumwa mvula chaka ndi chaka.

Mbiri yake njosachita kufunsa. Papa John Paul II adakumana ndi achinyamata pabwaloli mu 1989. Mu 2008 Chiukepo Msowoya adagoletsa chigoli chomwe Flames idagonjetsera Egypt 1-0, ndipo mu 2009 Ivory Coast ya Didier Drogba idangolepherana ndi Flames 1-1. Masiku amenewo anthu ankadzaza mpaka pamwamba penipeni, osadziwa kuti pansi pa mapazi awo zinthu zafika pati.

Zidaululika mu 2012 pomwe boma lidatseka bwaloli kaamba ka ming'alu ya m'masitandi. Politsegulanso, mbali zina adazitchinga kuti pasakhale munthu, ndipo chiwerengero cha ololedwa kulowa chidatsika kwambiri.

Mmene konkiriti amathera si zamatsenga. Mkati mwake mumakhala zitsulo. Madzi akapeza kamng'alu amalowa, chitsulo chimachita dzimbiri, ndipo chitsulo chadzimbiri chimafufuma n'kuyamba kukankha konkiriti kuchokera mkati mpaka zibenthu kumagwa. Pamene maso ayamba kuona chitsulo chili pamtunda, matenda amakhala atalowerera kale. Mankhwala ake ngotchipa akabwera msanga: kumata ming'alu, kutsegula ngalande zotsekeka, kuonetsetsa kuti madzi sakudikha. Aliyense amene adasiya lata likudontha mpaka phaso kuwola akudziwa kusiyana kwa mtengo wa msomali ndi wa denga lonse.

Koma ntchito yomata ming'alu ilibe mwambo wodula riboni, ndipo apa mpamene pagona nkhani. Zomwe zakhala zikukonzedwa pa Kamuzu n'zooneka ndi maso. Kapeti woyamba adabwera ndi thandizo la FIFA, ndipo atatha, bwalo lidatsekedwanso mu 2017. Chaka chimenecho Manoma ankasewerera ku Balaka, Maule n'kumayendayenda ku Chilomoni ndi ku Nchalo. Anthu a m'madera amenewo adasangalala kuonera timu zikuluzikulu pakhomo, koma wochemerera wa ku Ndirande ankayenera kusankha pakati pa ndalama ya basi ndi ya ndiwo. Mu 2018 kapeti watsopano adayalidwa, mpira udabwerera, masitandi otchingidwa aja ali chitchingidwire.

Manyazi aakulu adadza mu 2021. Bungwe la CAF litakana mabwalo a m'dziko muno, Flames idakasewerera masewero ake "apakhomo" a mpikisano wa World Cup pa Orlando Stadium ku Johannesburg. Pa mabwalo okanidwawo padalinso Bingu National Stadium ya ku Lilongwe, yomwe idali itangotsegulidwa kumene mu 2017. Bwalo la zaka zinayi lidalephera mayeso pamodzi ndi gogo wake, kusonyeza kuti vuto si ukalamba wokha.

Andale yankho lawo limakhala lakuti timanga lina. Pa kampeni ya 2019 Peter Mutharika adalonjeza kumangira Bullets ndi Wanderers mabwalo awoawo, ndipo la Bullets lidapatsidwa malo ku Zingwangwa. Ntchito idayamba mu 2020, koma boma litasintha chaka chomwecho idayamba kukwawa, moti pofika 2024 mpira udali usadagundepo. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Komanso chimango chosiyidwa pamtetete chimadyedwa ndi dzimbiri lomwe lija, mwinanso mofulumira, poti zitsulo zake zimakhala pamvula.

Pafupi ndi Ndirande, ku Blantyre Mission, kuli tchalitchi cha St Michael and All Angels chomwe chidamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, mbusa amene sadaphunzire za mapulani a nyumba, ndi njerwa zoumbidwa ndi kuotchedwa konko. Chidaposa bwalo lija ndi zaka zoposa 60, koma anthu akupempheramo. Nacho chimakalamba ndipo chakonzedwapo, kungoti chili ndi eni ake amene amalowamo sabata iliyonse. Bwalo la Kamuzu mwini wake ndi boma kudzera ku unduna wa zamasewero, osewerapo ndi matimu, oliyeza ngati n'loyenera ndi FAM ndi CAF. Pa ndalama za pachipata boma limatengapo gawo lake ngati mwini bwalo, ndipo wolipira amakakhalabe moyang'anizana ndi masitandi otchingidwa aja.