AKATSWIRI A MASAMU A ZAUMOYO: ACHIRITSI OSAONEKA (Gawo Lachiŵiri)

M'chaka cha 2019 dziko la Malaŵi, pamodzi ndi Ghana ndi Kenya, lidayamba kupereka katemera wa malungo kwa ana aang'ono. Mu 2023 bungwe la WHO lidalengeza kuti m'madera amene katemerayu adafika, imfa za ana a msinkhu wolandira katemera zidachepa ndi 13 mwa 100 alionse. Tidayamikira madokotala ndi anamwino, ndipo nkoyenera. Koma kodi adatsimikiza ndani kuti kuchepako sikudangochitika mwamwayi? Ameneyo ndi katswiri wa masamu a zaumoyo.

Mmodzi mwa amene adayala maziko a ntchitoyi ndi Austin Bradford Hill wa ku England. Iye ankafuna udokotala, koma chifuwa chachikulu chimene adadwala pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse chidamlepheretsa. Adaphunzira zachuma, ndipo mu 1945 adakhala pulofesa wa masamu a zaumoyo ku London School of Hygiene and Tropical Medicine.

Pa kafukufuku wa mankhwala a streptomycin, amene zotsatira zake zidatuluka mu 1948, odwala chifuwa chachikulu 107 adagaŵidwa m'magulu aŵiri mwa maere, kuti dokotala asakondere posankha. Pa miyezi 6, mwa 55 amene adalandira mankhwalawo adamwalira 4. Mwa 52 amene adangogonekedwa m'chipatala adamwalira 14. Njira yomweyi ya maere ndiyo idasankha madera oyamba kulandira katemera wa malungo kuno kwathu.

Komatu Hill sadangofufuza ayi, adalinso mphunzitsi. Buku lake la 1937 lidaphunzitsa mibadwo ya madokotala kukayikira chiŵerengero chilichonse asanachikhulupirire. Apa mpamene pagona nkhani yathu. Dziko lopanda aphunzitsi okwanira a phunziroli limalemba ziŵerengero m'mabuku a zipatala zake, koma tanthauzo lake limadikira kuti alendo adzalimasulire.

Aphunzitsi anzanga, m'mera mpoyamba. Mwana wokonda masamu amene walephera kupeza malo a udokotala asaganize kuti khomo la zaumoyo lamtsekera. Njira yake njaitali: digiri yoyamba ya masamu, yachiŵiri ya masamu a zaumoyo, kenaka zaka za kafukufuku ndi kuphunzitsa pa yunivesite. Odwala sadzamdziŵa dzina, koma mankhwala amene adzamwe adzakhala atadutsa m'manja mwake.

M'gawo lotsatira tidzaona maphunziro amene wophunzira wa Folomu 4 ayenera kulimbikira kuti ayende njira imeneyi.