Bwalo la Kuseri kwa Nyumba Monga la ku Gombe

Mwezi uno tikambirane za bwalo la kuseri kwa nyumba, pamene amai apeta mphale, ana asewera, ndipo mlendo ayalirwa mphasa dzuwa likapendeka. Ambiri a inu amene munayendako ku Salima, ku Nkhotakota kapena ku Mangochi munaona mabwalo a nyumba zogona alendo za m'mbali mwa nyanja, oyalidwa ndi njerwa za simenti zotuwa ngati mchenga, okhala ndi mthunzi wabwino ndi mipando ya nsungwi. Ndipo ena munabwerako ndi mtima wofuna bwalo lotere kwanu. Khumbo limeneli si loipa ai, pakuti bwalo loyalidwa bwino lichotsa matope a dzinja ndi fumbi la chilimwe. Koma ndalama zache ndizo thukuta la chaka chathunthu, ndipo zikataika sizibwera. Chifukwa chache mau anga ndi awa: musanasankhe mtundu wa njerwa, yambani mwafunsa kumene madzi adzapita, kumene dzuwa lidzaomba, ndi kumene mphepo idzachokera. Bwalo la ku gombe likongola chifukwa mwini wache anayankha mafunso atatuwa.

Kumene njerwazi zinachokera

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, dziko la Holland linali ndi nyumba zambiri zophwasuka, ndipo njerwa zootcha zinafunika pomangira nyumbazo. Tsono amisiri a misewu anayamba kuumba njerwa za simenti zoyala pansi. Dziko lao ndi lachidikha, la m'mbali mwa nyanja ya mchere, ndipo nthaka yache imatitimira pang'ono ndi pang'ono. Konkire yothira pamodzi imang'ambika pa nthaka yotere. Koma njerwa zazing'ono zogona pa mchenga zimatsata nthaka, ndipo pakatitimira munthu angozizula, nathira mchenga, nazibwezera. Onani kuti njerwazi zinabadwira kwa anthu olimbana ndi madzi. Kwathu kuno oumba njerwa za simenti achuluka makamaka kuyambira 2018, pamene boma la Malawi linaletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi za malonda, pofuna kupulumutsa mitengo.

Za madzi

Akulu anati, madzi saiwala khwawa. Ngati mukhala pafupi ndi nyanja, funsani nkhalamba za pa mudzi pamene madzi anafika m'zaka za kusefukira. Mu 2024 nyanja ya Malawi inakwera koposa zaka zambiri zapitazo, ndipo madzi analowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota. Inachitanso chotero mu 1980. Pamene nyanja inafikapo kale idzafikaponso, ndipo musayalepo chuma chanu. Ngati mukhala ku mtunda, turukani pa nthawi ya mvula yaikuru, muone ndi maso anu kumene madzi a pa denga athamangira ndi pamene aima. Mufunsenso mai wa pa nyumba, pakuti iye amene asesa bwalo m'mawa uli wonse adziwa zithaphwi zonse.

Bwalo lipendeke kuchokera ku nyumba, masentimita 2 pa mita ili yonse. Ngati liri lotalika mamita 4, mbali ya kutali itsike ndi masentimita 8, ndiko pafupi-fupi kupingasa kwa zala zinai. Muyese ndi chingwe ndi zikhomo, pakuti diso limanama. Pamwamba pa njerwa pakhale pansi pa mulingo wa m'nyumba ndi masentimita 15, kuti madzi asalowe pa khomo kapena kunyowetsa khoma. Kumene madzi atsikira, kumbani kangalande kopita ku phata la nthochi, kapena ku dzenje lodzaza miyala, kutali ndi maziko a nyumba, ndi chitsime, ndi chimbudzi.

Musayese kuti izi ndi za ukhondo wokha. Udzudzu wa malungo ukonda kuikira mazira m'kachithaphwi kakang'ono koombedwa ndi dzuwa, ndipo m'nyengo yotentha mazirawo asanduka udzudzu wouluka m'sabata imodzi kapena ziwiri. Bwalo lokhala ndi dzenje pakati lilera mdani wa ana ang'ono ndi wa amai oyembekezera pa khomo peni-peni pa nyumba.

Tsono za pansi, zimene mlendo saziona. Kumbani masentimita 20, muchotse dothi la pamwamba, mizu yonse ndi zisa za chiswe, ndipo mutsindire nthaka kolimba. Thirani miyala yoswa kapena nsangalabwi zosakaniza ndi dothi lofiira, masentimita 10 kapena 15, osati nthawi imodzi ai, koma kawiri, mukuwaza madzi ndi kutsindira. Pa dothi lakuda la makande, limene limafufuma m'dzinja ndi kung'aluka m'chilimwe, mukumbe mozama koposa ndi kuonjeza miyala. Pamwamba pache yalani mchenga wa ku mtsinje, wamaso akulu, masentimita 3, muusalaze ndi thabwa, ndipo munthu asapondepo. Njerwa zigone pa mchengawo popanda simenti. Mukatha kuyala, seserani mchenga wouma wosalala m'mipata kufikira itadzaza, ndi kugogoda njerwa ndi chipika kuti zikhazikike. Mchenga wa m'mipatawu ndiwo umanga njerwa ina ndi inzache. Muuonjeze chaka ndi chaka mvula ikatha.

M'mphepete monse muike mzere wa njerwa zoimika, zogwidwa ndi konkire. Pa nthaka ya mchenga ya ku nyanja ichi nchofunika koposa, pakuti popanda mpendero njerwa zimathawa imodzi-imodzi monga mkeka wosapenderedwa. Ndipo musakumbe mchenga pa gombe peni-peni. Mukatero muitana mafunde kuti asendere ku mudzi.

Za dzuwa ndi mphepo

M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala njerwa yakuda itentha kotero kuti mwana wopanda nsapato sangaimepo masana. Ichi ndicho chifukwa chache anthu a m'magombe akonda zoyera ndi zotuwa: mtundu wowala ubweza dzuwa, wakuda ulisunga kufikira usiku. Dzuwa lovuta ndilo la madzulo, lochokera ku mazambwe. Mbali imeneyo mumange chisakasa cha nsungwi chofolera ndi udzu kapena mlaza, kapena muyanzitsepo mpesa wa magalagadeya, umene upatsa mthunzi ndi zipatso pamodzi.

Kuyambira Meyi kufikira Ogasiti kumaomba mwera, wozizira ndi wonyamula fumbi. Ku mwera kwa bwalo muimike mpanda wa bango kapena wa tsekera, wosathinana kwambiri, pakuti mpanda wopitako kamphepo pang'ono uima nthawi yaitali kuposa wotseka konse. Mbali yoyang'ana ku nyanja, kapena ku dambo, muisiye yotseguka, kuti kamphepo kozizira ka m'chilimwe kafike pa mphasa.

Mango, mkuyu ndi kachere ndi mitengo ya mthunzi wokoma, koma mizu yache imatukula njerwa; ikhale mamita 5 kapena kuposa kuchokera pa bwalo. Kokonati akongoletsa gombe, koma chipatso chache chikagwa chingathe kupha mwana; asaime pamwamba pa malo okhalapo anthu. Pafupi mudzale mapapaya, nthochi ndi maluwa, ndipo ku mbali ya kumunsi mzere wa udzu wa vetiva wogwira dothi.

Za maonekedwe

Pamene mwakonza zonsezi, mtima ukondwere ndi zokongoletsa. Anthu a ku Portugal ndiwo anatchukitsa kuyala pansi chifaniziro cha mafunde. Mu 1848 anayamba kuyala bwalo la Rossio mu mzinda wa Lisbon ndi timiyala toyera ndi takuda, m'mizere yokhota ngati nyanja yowinduka. Luso lomwelo linaoloka kunka ku Brazil, kumene njira ya m'mbali mwa gombe la Copacabana, mu mzinda wa Rio de Janeiro, inakonzedwanso mu 1970 ndi mmisiri Roberto Burle Marx. Ndipo amene anafikako ku Maputo anaona mayalidwe a timiyala otere m'mbali mwa misewu. Iwo anagwiritsa miyala yosema, koma nzeru yao itheka ndi njerwa za simenti za mitundu iwiri yokha: zotuwa zikhale nyanja, ndipo mzere umodzi wa zoyera ukhote pakati ngati thovu la funde. Mzere umodzi ukwanira. Mitundu yambiri isokoneza maso ndi kutha ndalama.

Mayalidwe odziwika alipo atatu. Oyamba ndiwo a minga ya nsomba, pamene njerwa zikomana mopingasana monga minga pa msana wa chambo. Amenewa ndiwo olimba koposa, oyenera podutsa ngolo kapena njinga yonyamula katundu. Achiwiri ndiwo a maluko a dengu, ziwiri chogona, ziwiri chopingasa. Akoma pa malo okhalapo, ndipo safuna kudula njerwa zambiri. Achitatu ndiwo mizere yolumphana monga pa khoma, osavuta kwa munthu woyamba kumene, abwino pa kanjira kopita ku khichini kapena ku bafa.

Mtundu wa njerwa ukhale wosakanizidwa m'simenti poumba, pakuti penti wopaka pamwamba amasupuka ndi mapazi. Kubiriwira kwa nyanja mukuike pa chitseko, pa mafelemu a mazenera ndi pa mipando, ndipo khoma loyang'ana pa bwalo mulipake njereza. Njerwa zisakhale zosalala ngati mbale ai. Zikanyowa ndi kumera ndere zidzagwetsa agogo. Bwato lakale lothiramo dothi lisanduka munda wa maluwa, nkhafi yotha nchito ipachikika pa khoma, miyala yobulungira ya ku mtsinje izinga phata la mtengo. Koma bwato, mphika kapena chigoba chiri chonse muchiboole pansi, kuti chisasunge madzi a udzudzu.

Kumbukiraninso kuti bwalo lathu ndi la nchito. Simenti imasweka ndi moto, ndipo njerwa imathyoka pansi pa mtondo. Siyani ngodya imodzi ya dothi lotsindira, ya mafuwa ndi mtondo, kutali ndi udzu wa chisakasa.

Za kugula ndi kuumba

Njerwa yozolowereka ndi ya masentimita 20 m'litali, 10 m'lifupi ndi 6 kuchindikala. Podutsa galimoto pafunika ya 8. Malo a mita imodzi mbali zonse alowa njerwa 50. Chotero bwalo la mamita 4 ndi mamita 5 lifuna njerwa 1,000, ndi zina 50 zolowa m'malo mwa zosweka ndi zodula, ndiponso mawilibala ngati 10 a mchenga woyala pansi.

Chikome-kome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Alipo oumba ena amene achepetsa simenti nachulukitsa mchenga, ndipo njerwa zao zioneka bwino pa msika koma zinyenyeka m'dzinja loyamba. Musanalipire, kandani imodzi ndi msomali, ikayoyoka, isiyeni. Gogodanitsani ziwiri: zokhwima zilira ngati chitsulo. Funsaninso tsiku limene zinaumbidwa.

Ngati muumba nokha, yesani ndi ndowa imodzi-modzi: imodzi ya simenti, ziwiri za mchenga, zitatu za timiyala ta kwale, ndi madzi ochepa, ndipo mutsindire bwino m'chikombole. Mchenga muuyese m'botolo la madzi. Mukakhutchumula ndi kudikira, matope akakhala ochindikala pamwamba pa mchenga, muutsuke kapena mufune wina. Abale athu okhala ku nyanja ya mchere, monga ku Beira ndi ku Quelimane, apewe mchenga wa pa gombe, pakuti mchere wache udya zitsulo ndi kusiya mawanga oyera. Njerwa zikhale pa mthunzi, zofunditsidwa ndi masaka onyowa, zothiridwa madzi m'mawa ndi madzulo masiku 7. Mphamvu yache yeni-yeni ifika pa masiku 28. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Potsiriza, bambo ndi mai agwirizane nchito isanayambe, ndipo asakhudze fizi ya ana kapena kulowa m'katapila chifukwa cha bwalo. Ubwino wa njerwazi ndi wakuti zilola munthu kuyamba pang'ono. Chaka chino yalani mamita 2 ndi mamita 3 pa khomo la khichini, ndizo njerwa 300. Muone m'mene madzi a dzinja ayenderapo. Ndipo mukakolola, muchotse mpendero wa mbali imodzi ndi kuonjeza. Pakutha zaka zitatu bwalo lidzakhala lathunthu, lopanda ngongole, louma mvula ikangokata, ndi lozizira pamene banja likhala pamodzi madzulo.