Peugeot ya bambo ndi mwendo wa eni ake

Amene mumatsatira danga lino mukudziwa kuti ine ndimakonda kukamba za choko, mayeso a MSCE ndi madenga a makalasi osasuka ndi mphepo. Lero mundilole ndituluke m'kalasi ndikambeko za galimoto. Musaseke abale, mphunzitsi wa pasekondale yoyendera yakumudzi naye ali nayo galimoto, kungoti galimotoyo idabadwa mwini wake asadabadwe.

Ndi Peugeot 504 ya 1978. Bambo anga adaigula kwa mnzawo wina m'zaka za m'ma 1980, nthawi imene ankagwira ntchito kunjanji ku Limbe. Ife tonse tidakulira pampando wake wakumbuyo. Ndi imene idakanditenga kuchipatala nditangobadwa, ndipo ndi imene idandiperekeza ndi katundu wanga tsiku lopita kusekondale. Bambo atatisiya, galimotoyo idakhala zaka zinayi pa njerwa, pansi pa mtengo wa mango kunyumba kwathu ku Chinyonga, mpaka nkhuku zidayamba kuikira mazira pampando wa dalaivala.

Tsiku lina ndili patchuthi amayi adandiitana kukhonde.

"Aphunzitsi," adatero, chifukwa ndi mmene amandiitanira chilandirireni dipuloma, "achimwene anu akuti tigulitse galimotoyi kwa ogula zitsulo. Inu mukuti bwanji?"

Ndidawayankha kuti andipatse chaka chimodzi.

Achinyamata a lero amene adazolowera tigalimoto tochokera ku Japan mwina sadziwa mbiri ya 504. Idayamba kupangidwa ku France mu 1968, ndipo mu 1969 idasankhidwa kukhala galimoto yopambana ya chaka ku Ulaya. Mu 1975 idapambana mpikisano wa Safari Rally ku Kenya, m'misewu ya matope ndi fumbi ngati yathuyi. Ku France atasiya kuipanga, ku Kenya ndi ku Nigeria adapitiriza kuilumikiza mpaka kupyola chaka cha 2000. N'chifukwa chake akuluakulu akaiona pamsewu amaima n'kuyamba kusimba za kale.

Kuidzutsa sikudali masewera. Makaniko wina wachikulire wa ku Ndirande, yemwe manja ake adazolowera injini za kabuleta, ndiye adagwira ntchitoyo. Adandiphunzitsa zimene sindinkazidziwa. Petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, yemwe adayamba kupangidwa ku Dwangwa mu 1982, ndipo pano amapangidwanso ku Chikwawa. Mankhwalawa amadya mapaipi a labala akalekale, maka galimoto ikakhalitsa osayenda. Tidasintha mapaipi a mafuta, batire, matayala awiri ndi mapulagi. Atafika pa mapaipi a mabuleki, mkuluyo adati nawonso atopa. Ine m'thumba mudali mutauma. Ndidati tidzaona mwezi wamawa.

Kenaka idafika nkhani ya mapepala. Kuti galimoto iyende pamsewu wa boma pafunika zitatu: layisensi ya woyendetsa, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ili bwino chomwe tonse timangoti COF, ndi inshulansi. Lamulo la zapamsewu la 1997 limakakamiza galimoto iliyonse kukhala ndi inshulansi yosachepera ya third party. Ambirife timaiona ngati msonkho chabe, kapepala komata pagalasi kuti apolisi apamsewu atisiye tidutse. Inenso ndinkaganiza choncho.

Ndikuyendetsa mapepalawa mumzinda, mnyamata wina wovala bwino, mwa aja timawatcha madobadoba, adanditsatira. Adati akhoza kundipezera kapepala ka inshulansi pa theka la mtengo, tsiku lomwelo, popanda mzere. Ndisaname, mtima udagunda. Mwezi udali pakati, ndipo mphunzitsi aliyense akudziwa tanthauzo la mawu amenewo. Chidandiletsa si nzeru ayi, koma mantha oti amayi akadzamva ndidzaika kuti nkhope.

Ndidalowa mu ofesi ya kampani ina ya inshulansi ndili ndi maganizo otetezera chuma cha bambo. Ndidapempha ya comprehensive, ija imalipira ngakhale galimoto yako yomwe ikaphwanyika, kupsa kapena kubedwa. Mayi amene adandilandira adayang'ana chaka cha galimoto, n'kumwetulira mwaulemu.

"Bambo, ife timalipira molingana ndi mtengo umene galimoto ingagulitsidwe pamsika lero. Yanuyi pamsika ndi ndalama zingati? Nanga ikagundidwa, galasi ndi nyale zake tikazipeza kuti?"

Ndidayamba kufotokoza za bambo, za ulendo wochokera kuchipatala, za mtengo wa mango. Adandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka adati zonsezo n'zamtengo wapatali, koma palibe malo ozilembapo pa fomu. Adati angandipatse ya third party basi.

"Nanga ikaphwanyika?" ndidafunsa.

"Ikaphwanyika ndi yanu, bambo. Ife tidzaona za munthu amene mwamugundayo."

Ndidatuluka nditakhumudwa. Kumaiko ngati Britain ndi South Africa kuli inshulansi yapadera ya galimoto zakale zosungidwa bwino. Mwini ndi kampani amagwirizana mtengo pachiyambi pomwe, ndipo mwiniyo amalonjeza kuti aziiyendetsa makilomita ochepa pachaka. Kumeneko galimoto yotere ndi chokongoletsa cha Lamlungu. Kuno yanga imanyamula chimanga, mabuku ndi odwala. Ndidadziona ngati ndalipira ndalama zotetezera anthu osawadziwa, pamene galimoto yanga ndaisiya pamtetete.

Chakudza sichiimba ng'oma. Lamlungu lina mu Januwale, mvula itangokata, ndidanyamuka ku Chinyonga kubwerera kusukulu kudzera msewu wa Midima. Nditapitirira Bangwe, pamalo ena otsetsereka, minibasi idaima mwadzidzidzi kutsogolo kwanga. Ndidaponda buleki. Phazi lidangolowa mpaka pansi ngati ndaponda phala. Paipi ija ya mwezi wamawa idali itaphulika. Ndidakoka buleki yamanja, n'kutsitsa giya, n'kukhotera kumanzere kuthawa minibasi yodzaza anthu. Kumanzereko kudali mnyamata wa kabaza wanjinga yakapalasa, atanyamula thumba la chimanga.

Mulungu adatichitira chifundo, liwiro lidali litachepa. Mnyamatayo adathyoka mwendo, njinga idapindika ngati waya. Anthu adakhamukira pamalopo ndipo mawu ena amene ndidamva sindingawalembe munyuzipepala. Wapolisi atafika, adayang'ana layisensi yanga, kenaka adapita pagalasi n'kuwerenga timapepala tiwiri tija mosathamanga. Nthawi yonseyo ine m'mutu mudali nkhope ya dobadoba uja.

Tidamutengera mnyamatayo ku chipatala cha Queens. Mawa lake nditapita kukamuona ndidapeza mayi ake atakhala pansi pafupi ndi bedi. Sadanditukwane. Adangoti, "Bambo, njinga ija ndiyo imatidyetsa. Mwanayu agona miyezi ingati?" Mnyamatayo adali wa msinkhu wa ana amene ndimawaphunzitsa Fomu 4.

Apa ndi pamene ndidamvetsa mawu a mayi wa ku ofesi uja. Ndidakanena za ngoziyo kukampani msanga, monga pepala lawo limanenera, ndidapereka lipoti la apolisi, ndipo banjalo lidapereka lipoti la dokotala. Zidatenga miyezi ndi maulendo angapo, koma pamapeto pake chipukuta misozi chidatuluka ndipo njinga ina idagulidwa. Ndikadakhala ndi kapepala kachinyengo, bwenzi zonsezo zili pakhosi panga, kuphatikiza mlandu woyendetsa galimoto yopanda inshulansi. Malipiro a mphunzitsi sakadakwanitsa. Ndikadalowa m'katapila, kapena banjalo likadangotsala ndi pepani wanga, yemwe sagula ufa.

Tsono anzanga amene mukusunga ma Peugeot, ma Datsun, ma Land Rover ndi ma Toyota Stout a makolo anu, mverani zimene ndidaphunzira ndi mtima wowawa.

Choyamba, COF imangonena kuti galimoto idali bwino tsiku limene adaiyeza. Yanga idakhoza mayeso, mabuleki adagwira tsikulo, koma ine ndinkadziwa zimene makaniko adandiuza. Pagalimoto yakale, labala ndiye amayamba kufa: mapaipi a mabuleki, a mafuta, a madzi, ndi matayala omwe amaoneka ngati ali ndi mano koma adang'aluka m'mbali. Ngati ndalama yakwanira chimodzi, penti idikire.

Chachiwiri, gulani inshulansi kukampani kapena kwa wothandizira wovomerezeka, ndipo tengani lisiti. Makampaniwa amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, kutanthauza kuti akakuvutani muli ndi kokadandaula. Dobadoba akasowa mukamudandaulira kuti?

Chachitatu, werengani pepala limene akupatsani, osati kungomata kagalasi kokha. Third party ili ndi malire a ndalama zimene kampani ingalipire. Khothi likagamula zopyola pamenepo, zotsalazo ndi zanu. Funsani malirewo, ndipo ngati mungathe akwezeni. Amene muli ndi mwayi wa comprehensive, kumbukirani kuti kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ngati mtengo wa galimoto umene mudalembetsa ndi wakalekale, tsiku la ngozi mudzalandira ndalama zosagula ngakhale theka lake.

Chachinayi chikukhudza ife a kumudzi. Kumene ndimaphunzitsa, galimoto ikangolira anthu amatulukira ndi mitolo, aliyense ali ndi kangachepe m'manja. Kutenga wodwala usiku ndi umunthu, ndipo sindidzasiya. Koma kulipiritsa anthu ndi matola, ndipo inshulansi ya galimoto yoyendera mwini siidapangidwire zimenezo. Ngozi ikachitika mutanyamula olipira, kampani ikhoza kukana, inu n'kutsala nokha ndi mabanja asanu olira.

Ena mwa inu mufunsa ngati ndidaigulitsa. Achimwene adati aona, adanena kale. Amayi adakhala chete masiku awiri, kenaka adandipatsa ndalama za kubanki nkhonde kwawo kuti ndikagule mapaipi onse a mabuleki. Adati bambo sankanyamuka ulendo asadagwade n'kusuzumira pansi pa galimoto, ngakhale atavala suti ya kutchalitchi. Ine ndidatenga galimoto yawo, koma khalidwe limenelo ndidalisiya pansi pa mtengo wa mango.

Peugeot ikuyendabe. Nyale yakumanzere ndi ya galimoto ina, yomangirira ndi waya, chifukwa yeniyeni sindidaipezebe. Pa Midima sindipyola 60, ndipo minibasi zimandiimbira hutala mpaka kutopa. Mnyamata uja adachira, ngakhale amatsimphina pang'ono kukazizira. Ndikamadutsa pasiteji yake ndimaima, timapatsana moni. Mwezi wathawu inshulansi idatha, ndipo ndidakalipira ina ndisadagule ngakhale thumba la feteleza.