Matope a m'dambo sadya ziphuphu

A Malawi anzanga, makamaka inu amene munabwerera kuno kumudzi kuchokera ku Lusaka, Harare ndi Dar es Salaam itatha referendamu ya 1993: ambiri mwa inu mumati munasiya Kasungu ali nkhalango, munadzampeza ali mbee. Funso nlakuti, anadula mitengoyo ndani? Mabwana a m'tauni sachedwa kuyankha: ndi anthu akumudzi, umbuli, makala. Ine mwana wa kwa Lukwa yankho limeneli ndikulikana, ndipo mboni ndili nayo. Mboniyo ndi mungu.

Mungu ndi kaufa kachikasu kamene kamakutsalirani m'malaya mukadutsa m'munda chimanga chitamasula ngayaye. Ndisanasiye maphunziro a ku yunivesite ndinauonapo pa maikulosikopu. Mbewu iliyonse ili ndi mungu wa maonekedwe akeake, ndipo khungu lake ndi lolimba kotero kuti ukagwera m'matope a m'dambo, mopanda mpweya, umakhala zaka zikwizikwi osaola. Chaka ndi chaka matope atsopano amakwirira akale. Mukazika chipaipi nkuzula matopewo, apamwamba ndi a dzana, apansi ndi a nthawi ya makolo.

Koma mboni imafunika kuyamba yayesedwa. Nchifukwa chake katswiri wina, Michael Meadows, atapita kumapiri a Nyika, anatola mungu wa masiku ano nkuuyerekeza ndi zomera zimene ankaziona ndi maso pamalopo. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1984. Kuyesa kotere nkofunika poti zomera zili ngati anthu pamsonkhano wandale: zina nzolongolola, zina nzofatsa. Udzu ndi paini zimamwaza mungu wambirimbiri ndi mphepo, ndipo umakagwa kutali, ngakhale pamwamba pa phiri pamene mtengowo palibe. Mitengo yathu ya miombo imadalira njuchi ndi tizilombo tina, tsono mungu wake umapezeka wochepa ngakhale nkhalango ili yowirira. Wowerenga mosasamala adzati kunali udzu wokhawokha. Amene wayesa mungu wa lero amadziwa kuti timbewu tochepa ta mombo tikuimira mitengo yochuluka.

Nanga anapeza chiyani? Akatswiri ambiri ankakhulupirira kuti Nyika yense anali nkhalango mpaka pamene anthu anaitentha posachedwapa. Matope a zaka pafupifupi 12,000 anaonetsa kuti udzu wa pa Nyika ndi wakalekale. Mlandu umene ankasenzetsa anthu akumudzi unapepuka. Mwaonatu, umboni ukabwera, manong'onong'o amatha.

Tibwerere kwa Lukwa. Agogo anga amasimba za masuku amene ankatola mpaka dengu kusefukira, pamalo pamene lero pali mizere ya fodya. Lamulo la malo la 1965 linatsegula njira yosandutsa malo a makolo kukhala a lizi, ndipo m'zaka za m'ma 1970 maesiteti anachuluka m'Kasungu muno. Fodya wa fuluu amadya nkhuni usana ndi usiku, wa bale amafuna mitengo ya zigafa. Pansi pa lamulo la mbewu zapadera la 1963, mlimi wamba sankaloledwa kulima bale pamunda pake mpaka cha m'ma 1990. Nthawi ya chipani chimodzi kufunsa za zimenezi kunali kudziputira ngozi.

Sindikuti ife akumudzi ndife angelo. Bale atamasulidwa nafenso tinanola nkhwangwa, ndipo makala amene mumaphikira m'tauni sagwa kumwamba. Matope sadzatchula dzina la munthu. Fodya mwini wakeyo ndi wochenjera: timamthyola nsonga asanachite maluwa, choncho sasiya mungu wokwanira kumgwira nawo. Koma matope angathe kunena nthawi. Adzaonetsa pamene mungu wa miombo unayamba kuchepa, pamene wa chimanga unachuluka, ndi pamene wa bulugamu, mlendo wochokera ku Australia, unalowa. Tikaika zakazo pambali pa zaka zolembedwa pa mapepala a lizi, aliyense adzadziwerengera yekha.

Mu 2005 akatswiri ochokera kunja anaboola pansi pa Nyanja ya Malawi nkutulutsa mbiri ya zomera ya zaka zikwi mazanamazana. Kodi nzosachititsa manyazi kuti za nthawi imeneyo zikudziwika, pamene za zaka 60 zapitazi tikungokangana pakamwa? Aphungu a Kasungu apemphe kuti mbali ina ya msonkho wa fodya ilipirire ophunzira athu kuyesa mungu wa lero kuyambira pa phiri la Kasungu mpaka m'nkhalango yosungira nyama, kenaka azule matope m'madambo a kwa Lukwa. Zopezekazo zidzawerengedwe m'Chichewa pabwalo la mfumu, amatenanti ndi eni maesiteti ali pomwepo.

Ndipo pobzala mitengo dzinja lino, tiyambe tafunsa dambo chimene chinalipo. Agogo sakulira bulugamu, akulira masuku.