Tinyike nsalu, koma tisanyike Likangala

M'mabanja ambiri muno mu Zomba muli zovala zimene zinasuluka koma sizinang'ambike. Tikaziona timathamangira pa kaunjika. Ine ndikuti tiyambe taganiza za mgolo wa utoto.

Mtundu wa buluu wa indigo si wachilendo kuno. Agogo athu ankavala biriwita. David Livingstone, amene anafika ku nyanja ya Chilwa mu 1859, analemba kuti chomera cha indigo chinkamera chokha m'chigwa cha Shire. Kuchokera mu 1897, pamene kampani ya BASF ku Germany inayamba kugulitsa indigo wopangidwa m'fakitale, ulimi wake unalowa pansi, ndipo utoto umene uli pa jinzi ya mwana wanu ndi wa m'fakitalewu.

Utoto umenewu uli ndi khalidwe lakelake. Susungunuka m'madzi wamba. Wonyika amathira caustic soda ndi mankhwala ochotsa mpweya m'madzimo, kufikira madzi asanduke achikasu mobiriwira. Nsalu imatuluka yobiriwira, ndipo ikangopitidwa mphepo imasanduka buluu inu mukuona. Wofuna mtundu wakuda bii saonjezera utoto; amanyika, kuyanika, kunyikanso, kangapo konse. Wotakasa mgolo mwaphuma amalowetsamo mpweya, utoto n'kufa. Nsalu ya thonje imagwira bwino, koma poliyesitala amangokuonongerani ndalama. Popeza mgolo waukulu umaposa zosowa za banja limodzi, ntchitoyi ndi yoyenera amayi a Mvano kapena a m'mphakati, kusonkherana mankhwala n'kunyikira pamodzi. Paja Lidiya wa pa Machitidwe 16, amene analandira Paulo m'nyumba mwake ku Filipi, ankadya za malonda a nsalu zonyika.

Komatu pali pamene ndikuda nkhawa. Madzi otsala mumgolo amawaula khungu. Kodi tikawakhuthulira m'ngalande amathera kuti? Ife a m'tauni timamwa madzi abwino a damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri, koma zimene timataya zimatsikira mu Likangala. Kumunsiko anzathu amachapa, kusamba ndi kuthirira mpunga, mpaka mtsinjewo ukathire mu Chilwa, nyanja yopanda potulukira madzi, kumene kumachokera matemba amene timadyera nsima. Ena adzati chidebe chimodzi n'chiyani poyerekeza ndi zonyansa zina zolowa mumtsinjewo. N'zoona, Likangala anadwala kale. Koma kudwala kwa mnansi sikutipatsa chilolezo chomuonjezera bala.

Mgolo wa indigo sutayidwa tsiku lomwelo. Mukauvundikira bwino ndi kuonjezera mankhwala, umagwira ntchito masabata angapo. Ukatheratu, takasani madziwo kuti mpweya ulowe, thiranimo vinega kuti ukali wa soda uchepe, ndipo muwathire m'dzenje lotalikirana ndi chitsime ndi mtsinje. Wonyika avale magolovesi, ndipo ana asayandikire mgolowo.