Chimbudzi Chilipo, Nanga Ana Akutsekuliranji M'mimba?

Mafumu ambiri masiku ano amanyadira kuti m'mudzi mwawo khomo lililonse lili ndi chimbudzi. Koma dzinja likangofika, mzere wa amayi obereka ana otsekula m'mimba kuchipatala sufupika. Ena amati ndi mano akumera, ena amanamizira mango. Zoona zake n'zakuti tizilombo tochoka m'mimba mwa munthu wina tapeza njira yokalowera m'kamwa mwa mwanayo, ndipo njirayo kawirikawiri imadutsa pakhomo pathu pomwe.

Taonani zimene zimachitika mwana wokwawa akadzithandiza pabwalo. Ambirife timati za mwana n'zosaopsa poti amangoyamwa ndi kudya phala. Timakokolola ndi khasu n'kukataya kudzala, thewera n'kuliviika m'beseni lomwe madzulo titsukiramo mbale. Nkhuku zikapalasa kudzalako zimabwera kudzajompha ufa palichero. Chonsecho ana ndi amene amatsekula m'mimba pafupipafupi, choncho zotuluka m'mimba mwawo n'zimene zimadzaza tizilombo. Malo ake ndi m'dzenje la chimbudzi nthawi yomweyo, ndipo womupukuta asambe m'manja ndi sopo asanagwire chikombe.

Chimbudzicho nachonso chizikhala ndi chivundikiro pabowo, apo ayi ntchentche zizingochoka m'menemo n'kukatera pansima. Mpondagiya amene amathiridwa madzi tsiku lokhalo lobwera mlangizi wa zaumoyo ndi chokongoletsa chabe. Nanga mwambo wathu uja wosamba m'manja m'beseni limodzi? Amayamba ndi bambo, kenako akuluakulu ena, womaliza n'kukhala mwana, madzi atada kale. Ulemu sungachepe ngati tithirirana madzi ndi jagi.

Mvula ikachuluka zimbudzi zimagumuka, zonyansa n'kukokolokera m'zitsime zosatetezedwa. Kolera amene anayambira ku Machinga mu Malichi 2022, namondwe Ana atadutsa, anafalikira dziko lonse n'kupha anthu oposa 1,700. N'chifukwa chake a zaumoyo amati chimbudzi chikumbidwe kumunsi kwa chitsime, pa mtunda wosachepera mamita 30. Ngakhale madzi a pamjigo amaipitsidwa kunyumba, mu ndowa yosavundikira imene aliyense amaviikamo kapu ndi zala zomwe.

Katemera wa rota, amene ana kuno ku Malawi akhala akulandira kuyambira 2012, wathandiza kwambiri, koma amalimbana ndi kachilombo ka mtundu umodzi, pamene toyambitsa matendawa tilipo tambiri. Mwana akayamba kutsekula, mupatseni Thanzi ORS, musaleke kumuyamwitsa, ndipo amalize mapiritsi a zinki monga akuuzirani kuchipatala. Mukaona liwombo lalowa, maso alowa m'kati, kapena akukana kuyamwa, dziwani kuti madzi atha m'thupi. Musachedwe ndi zomata pamutu, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo.